Dokotala wa maso asamadikire ukalamba kuti bungwe lake limuone

M'mawa umene anachotsa bandeji pa diso la mayi anga, ine ndinali nditaima kumbuyo kwa mpando wawo nditanyamula chikwama. Ng'ala inali itatseka diso lawo lakumanja kwa zaka zitatu, lakumanzere nalo likutsatira m'mbuyo. Anayamba ndi kulephera kulowetsa ulusi pa singano, kenako anasiya kuwerenga, mapeto ake ankatizindikira ndi mawu okha. Namwino anamatula pulasitala mosamala, anapukuta zikope ndi thonje lonyowa, n'kunena kuti, "Amayi, tsegulani pang'onopang'ono, musafulumire." Diso linali lofiira, misozi ikuyenderera. Anaphethira kangapo. Dokotala anaimika zala patsogolo pawo. "Ndi zingati izi, amayi?" Iwo za zalazo sanayankhe. Maso awo anadutsa dokotalayo n'kudzandipeza ine, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, wamera imvi ine osadziwa." Mawu anandithera, ndinangowagwira phewa.

Opaleshoniyo inatenga mphindi zosakwana 20. Tsiku limenelo dokotala yemweyo anachita maso ena ambiri, ndipo pa benchi panja panali mzere wa anthu omangidwa diso limodzi, aliyense ndi womuperekeza. Sindikhulupirira kuti dzina lake lidzamveka pa msonkhano waukulu wa akatswiri. Anandiuza yekha kuti nthawi yolemba kafukufuku alibe: amafika m'mawa, kusamba m'manja, kukhala pa maikulosikopu mpaka mzere uthe. Pakhoma la ofesi yake panali satifiketi ya umembala wa bungwe la madokotala a maso, yoikidwa bwino mu felemu. Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi silinandichoke. Bungwe limeneli, limene munthuyu amalipirako ndalama chaka ndi chaka, limamuchitira chiyani, ndipo limamuona liti?

Ine ndikuona kuti mabungwe a madokotala a maso amatha bwino kulemekeza anthu ochepa amene afika pamwamba, ndipo kawirikawiri amawalemekeza dzuwa litapendeka kale. Ntchito imene imachititsa bungwe kuyenera dzina lake ndi yosawala chotero: kukhala pafupi ndi membala wamba pa tsiku limene zamuvuta, kumuphunzitsa, kumuwerengera zotsatira za manja ake mosabisa, ndi kumumvetsera akabwera ndi ganizo limene akuluakulu sakulifuna. Mendulo sindikuzikana ayi. Ndikufuna zizilondola kumene kwagwiridwa ntchito, ngakhale kukhale kutali ndi nsanja.

Mabungwewa si a dzulo. Mu 1857 madokotala a maso ochepa anakumana ku Heidelberg, m'dziko la Germany, motsogozedwa ndi Albrecht von Graefe, ndipo kukumana kumeneko ndiko kunabala bungwe la madokotala a maso la dzikolo, limene lilipo mpaka lero. Chaka chomwecho ku Brussels kunachitika msonkhano woyamba wa madokotala a maso a m'mayiko osiyanasiyana. Panali patangopita zaka zochepa Hermann von Helmholtz atapanga kachipangizo kounikira mkati mwa diso la munthu wamoyo, ndipo dokotala aliyense anali ndi zachilendo zimene waona, akufuna mnzake woti amutsimikizire ngati akuona bwino. Chimene chinawasonkhanitsa ndi chimenecho, kusowana. Mendulo ya Graefe inadzayamba kuperekedwa mu 1886, patapita zaka pafupifupi 30, ndipo woyamba kuilandira anali Helmholtz yemweyo. Ena anatsatira: American Academy of Ophthalmology inayamba mu 1896 ndipo lero ili ndi mamembala pafupifupi 32,000, All India Ophthalmological Society mu 1930, Royal College of Ophthalmologists ya ku Britain mu 1988, ndi COECSA, yophatikiza mayiko a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, mu 2012.

Mendulo imene madokotala a maso amaiona kuti ndi yapamwamba kuposa zonse ndi ya Gonin, yoperekedwa kamodzi pa zaka zinayi zilizonse. Mwini dzina, Jules Gonin wa ku Lausanne, anakhala zaka zambiri akuuza anzake kuti retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala, imamatuka chifukwa cha kabowo kamene kang'ambika, ndipo ukatseka kabowoko imabwerera m'malo. Ambiri sankamukhulupirira, mpaka pa msonkhano wa ku Amsterdam mu 1929 pamene anayamba kuvomereza. Anamwalira mu 1935, ndipo mendulo ya dzina lake inaperekedwa koyamba mu 1941. Ndiye kuti mendulo yaikulu ya ntchitoyi ili ndi dzina la munthu amene anzake anayamba amukayikira. Munthu akanayembekezera kuti phunziro lamveka. Nkhani ya Harold Ridley ikuonetsa kuti silinamveke.

Kagalasi kamene kali m'diso la mayi anga lero ndi chidzukulu cha ganizo la Ridley. Kale dokotala akachotsa ng'ala, diso linkatsala lopanda kagalasi kake kachibadwa, ndipo wodwala ankavala magalasi ochindikala ngati tako la botolo, okulitsa zinthu moti kutsika masitepe kunali koopsa. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Ridley anaona kuti oyendetsa ndege zankhondo amene tizidutswa ta pulasitiki wa ndege tinawalowa m'maso, maso awo sankalimbana ndi tizidutswato. Anadzifunsa: ngati diso likulola pulasitiki uyu, bwanji osaumba naye kagalasi n'kukaika m'malo mwa kochotsedwako? Pa 29 Novembala 1949, pa chipatala cha St Thomas' ku London, anayesa koyamba, ndipo mu Febuluwale 1950 anasiya kagalasi m'diso la wodwala kuti kakhaliretu. Atalengeza ntchito yake ku Oxford mu 1951, akuluakulu ambiri a ntchitoyi anamuyang'ana ndi diso lofiira. Wamkulu wa otsutsawo anali Sir Stewart Duke-Elder, dokotala wa maso wa banja lachifumu, munthu amene mawu ake ankalemera kuposa a wina aliyense m'dzikolo.

Tsopano onani mndandanda wa olandira mendulo ya Gonin. Duke-Elder analandira mu 1954. Ridley analandira mu 1994, zaka 40 pambuyo pake. Ulemu wa "Sir" unamupeza mu 2000 ali ndi zaka 93, ndipo chaka chotsatira anamwalira. Charles Kelman wa ku New York, amene mu 1967 anayambitsa njira yophwanya ng'ala ndi kachipangizo konjenjemera n'kuiyamwa kudzera pa kabala kakang'ono, nayenso anatsutsidwa kwa zaka zambiri. Ulemu waukulu wa American Academy, wotchedwa Laureate, anaulandira mu 2003, ndipo mu 2004 anamwalira. Ulemu wotere umasangalatsa ana ndi adzukulu, ndipo n'zabwino kuti unafika anthuwa akadali ndi moyo. Koma pa zaka zimene ankasowa anzawo oima nawo, bungwe linali tsidya lina.

Wina anganene kuti akuluakulu aja sanalakwe kwenikweni, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Tigalasi toyamba ta Ridley tinali tolemera, tina tinkasuntha n'kugwera mkati mwa diso, maso ena ankatupa, ndipo tina tinkayenera kuchotsedwanso. Mitundu ina imene anthu ena anayesa m'zaka za m'ma 1950 inawononga maso a odwala ambiri. Bungwe limene lingaombere m'manja chilichonse chatsopano ndi loopsa, chifukwa diso loyeserapolo ndi la mayi a munthu wina. Ndikuvomereza zonsezi. Koma kukayikira kuli pawiri. Kwina kumati, "Bwera nazo ziwerengero zako, tione odwala angati aona, angati avulala, tikuthandize kupeza chimene chikulakwika." Kwina kumangotseka chitseko. Kukayikira koyambako kumateteza wodwala ndipo kumafulumizitsa kukonza zolakwika. Kwachiwiriko kumangothamangitsira ntchitoyo kumbali, kumene aliyense akuyesa payekha popanda womuona. N'chifukwa chake mu 1966 Ridley ndi Peter Choyce anayambitsa kagulu kawokawo ka madokotala oika tigalasi, ndipo mu 1974 ku America kunabadwa bungwe lina la ntchito yomweyo, limene lero ndi ASCRS. Mwana akachoka pakhomo n'kukamanga yake chifukwa pakhomopo sakumumvera, makolo ayenera kudzifunsa.

Kodi nanga bungwe likamathandiza membala moona, zimaoneka bwanji? Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha ESCRS, bungwe la ku Ulaya la madokotala a opaleshoni ya ng'ala. Dokotala aliyense wa maso amaopa chinthu chimodzi kuposa zonse: tizilombo kulowa mkati mwa diso pambuyo pa opaleshoni. Wodwala amapita kunyumba akuona bwino, patapita masiku ochepa amabwerera diso litatupa, likupweteka, mafinya ali mkati, ndipo nthawi zina diso limatheratu. Vutoli silichitika kawirikawiri, ndiye dokotala mmodzi, ngakhale atagwira ntchito moyo wake wonse, sangathe kudziwa payekha ngati mankhwala akutiakuti amaliletsadi. Bungwe linasonkhanitsa zipatala 24 m'mayiko 9, linatsata odwala oposa 16,000, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2007 zinaonetsa kuti kubaya mankhwala a cefuroxime mkati mwa diso pomaliza opaleshoni kumachepetsa ngoziyo pafupifupi kasanu. Palibe membala amene anapachika zotsatirazi pakhoma. Koma aliyense wa iwo, wotchuka ndi wosatchuka yemwe, anapindula nazo m'fiyeta mwake, ndipo pali anthu akuona lero amene sakudziwa n'komwe kuti diso lawo linapulumuka chifukwa cha kafukufuku ameneyu.

Kuti timvetse bwino chimene dokotala amasowa, tiyeni tilowe naye m'fiyeta. Kagalasi kachibadwa ka diso kamakhala m'kathumba, ndipo khoma lakumbuyo la kathumbako ndi lopyapyala kuposa tsitsi limodzi kakhumi ndi kupitirira. Ntchito ya dokotala ndi kutulutsa ng'ala n'kusiya kathumbako kali kabwinobwino kuti aikemo kagalasi katsopano. Manja onse awiri ali m'diso, phazi limodzi likuyendetsa maikulosikopu, lina likuyendetsa makina. Wodwala ali maso pansi pa nsalu, akumva chilichonse. Ndiye tsiku lina, mwina chifukwa ng'ala ndi yokhwima kwambiri, mwina wodwala watsokomola, mwina dzanja lalowa mopitirira pang'ono, khoma lija lang'ambika. Madzi onanda a kumbuyo kwa diso ayamba kubwera kutsogolo, ndipo chidutswa cha ng'ala chingathe kumira n'kupita pansi. Mtima wa dokotala uli m'mwamba, koma mawu ake ayenera kutuluka ofatsa: "Agogo, musasunthe, titengako nthawi pang'ono." Akamaliza ayenera kutuluka n'kukauza wodwala ndi achibale ake zoona zake. Ndipo wodwala wotsatira ali kale pakhomo, mankhwala atamudonthezera.

Palibe dokotala wa ng'ala amene sanakumanepo ndi tsiku lotere. Funso n'lakuti madzulo ake amaimbira ndani. Akale anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo kwa ine bungwe la akatswiri linakhalirapo zimenezi. Pali bungwe limene membala wake angathe kuonetsa vidiyo ya opaleshoni imene inamuvuta, anzake n'kuikambirana popanda kumunyoza. Pali bungwe limene linamupatsa wamkulu woti angamuimbire nthawi iliyonse. Ndipo pali limene limamukumbukira pokhapokha nthawi ya chopereka ikakwana.

Royal College of Ophthalmologists inachita chinthu chimene ndimachiona ngati ulemu weniweni kwa mamembala, ngakhale poyamba chimawawa. Imayendetsa kaundula wotchedwa National Ophthalmology Database, kumene zipatala zimatumiza zotsatira za maopaleshoni a ng'ala, ndipo dokotala amatha kuona kuti kathumba kamamung'ambikira kangati poyerekeza ndi anzake. Powerengera amaganiziranso kuvuta kwa diso lililonse, kuti dokotala amene amalandira maso ovuta asaoneke ngati wosatha ntchito pamene mnzake wosankha ophweka akuoneka katswiri. Pa zaka zimene akhala akuwerengera, kung'ambika kwa kathumba kwatsika kuchoka pafupifupi pa maso 2 pa 100 kufika pochepera 1 pa 100. Kaundula yemweyo anaonetsanso kuti pakati pa madokotala ophunzira a chaka choyamba ndi chachiwiri amene anali ndi makina oyeserera opaleshoni pa kompyuta, vutoli linatsika ndi 38 peresenti. Ku America bungwe lawo linayambitsa kaundula wake, IRIS Registry, mu 2014. Dokotala amene akudziwa ziwerengero zake amayenda mutu uli m'mwamba pa zifukwa zoona, ndipo amene ziwerengero zake zikutsetsereka amathandizidwa maso ambiri asanawonongeke.

Pali thandizo linanso losatchulidwa kawirikawiri. Mu 1987, inshuwalansi ya milandu ya kuchipatala itakwera mtengo ku America, American Academy inathandiza kukhazikitsa kampani ya inshuwalansi ya madokotala a maso okhaokha, OMIC, imene imaphunzitsanso mamembala mmene angapewere zolakwika zobweretsa milanduyo. Bungwe lomwelo lili ndi EyeWiki, tsamba la pa intaneti limene aliyense angawerenge osalipira. International Council of Ophthalmology, yogwirizanitsa mabungwe a madokotala a maso a m'mayiko osiyanasiyana, imalembetsa mayeso ovomerezeka m'mayiko ambiri ndipo imatumiza madokotala achinyamata kukaphunzira miyezi itatu ku zipatala zina. Ndikanakonda mabungwe akanalankhulanso mokweza za khosi ndi msana. Munthu amene wakhala zaka 20 atawerama pa maikulosikopu thupi lake limalipira, ndipo ena amasiya opaleshoni nthawi isanakwane, luso likadali m'manja. Dokotala wachinyamata akaphunzitsidwa kakhalidwe koyenera pa mpando chaka choyamba, bungwe lamuonjezera zaka zogwira ntchito.

Tibwerere ku mphoto. American Academy ili ndi njira imene ndimaiyamikira mbali ina, ya mapointi. Membala akaphunzitsa pa msonkhano wa pachaka, akapereka zotsatira za kafukufuku, kapena akatumikira mu komiti, amalandira pointi, ndipo pa chaka sangapitirire 3. Akafika pa 10 amalandira Achievement Award, pa 30 Senior Achievement Award, pa 60 Life Achievement Honor Award. Ubwino wake ndi woti sizidalira kuti ukudziwana ndi ndani, ndipo woyamba kulandira sadikira imvi. Ulemu womalizawo sungabwere zisanathe zaka 20, ndiye ukulemekeza kupirira, chinthu chimene ndimachiona kuti n'choyenera. Koma taonani chimene chikuwerengedwa. Zambiri mwa izo zimachitikira pa msonkhano kapena m'komiti. Ndi ulemu wa kutumikira bungwe, ndipo palibe cholakwika kuti bungwe lithokoze olitumikira. Vuto limabwera tikayamba kuganiza kuti amene alibe mapointi sanatumikire.

Ndani angathe kusiya chipatala sabata yathunthu n'kupita ku msonkhano? Ndi amene ali ndi anzake omugwirira ntchito. Kafukufuku wa International Council of Ophthalmology anapeza kuti mu 2015 dziko lonse linali ndi madokotala a maso pafupifupi 233,000, koma ogawidwa mokondera: m'mayiko olemera analipo 76 pa anthu 1 miliyoni alionse, pamene m'mayiko osauka sankakwana 4. Lipoti la World Health Organization la mu 2019 linati anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwo osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapewedwa kapena silinathandizidwebe. Ndiye dokotala amene akusenza katundu wolemera kwambiri ndi yemweyo amene sangachoke, chifukwa akachoka fiyeta yatsekedwa ndipo anthu amene ayenda mtunda wautali abwerera osathandizidwa. Njira yowerengera ulemu pa nsanja imamulambalala munthu ameneyu, popanda wina aliyense kukhala ndi cholinga choipa. Imalambalalanso mayi amene zaka zake zoyamba za ntchito zinagundana ndi zaka zolera ana. Mendulo ya Gonin inayamba mu 1941, koma mayi woyamba kuilandira, Alice McPherson wa ku Houston, anailandira mu 2014. Palibe angandiuze kuti pa zaka 73 zonsezo panalibe mayi woyenera.

Pali chotsutsa china chimene ndachiganizira kwambiri. Amati kafukufuku amaoneka, amawerengedwa, amayesedwa ndi anzako, pamene ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yovuta kuiyeza, ndipo ukayamba kupereka mphoto kwa amene wachita maopaleshoni ambiri, uphunzitsa anthu kuthamanga. Izi n'zoona, ndipo mphoto ya kuchuluka kokha ndingaikane ndi mtima wanga wonse. Koma kaundula uja watiphunzitsa kale kuti tingayeze china: mwa odwala amene unachita, angati akuona bwino patapita masabata angapo, ndipo angati unawatsata mpaka kuwaonanso. Tingafunsenso anthu amene safunsidwa. Namwino wa m'fiyeta amadziwa dokotala amene manja ake ndi odekha. Ophunzira amadziwa amene anakhala pambali pawo pa opaleshoni yawo yoyamba osawalanda zipangizo, komanso osawasiya okha. Bungwe litatsegula khomo kuti anthu amenewa azitchula mayina, mndandanda wa olemekezedwa ungasinthe m'chaka chimodzi chokha.

Njira yake ilipo kale, ingofunika kuitengera. Mphoto ya Champalimaud, yochokera ku Lisbon, ya mayuro 1 miliyoni, imasinthanitsa: chaka china imapita kwa ofufuza, chaka chotsatira kwa ogwira ntchito yolimbana ndi khungu pakati pa anthu. Yoyamba, mu 2007, inapita ku Aravind, zipatala za ku India zimene Govindappa Venkataswamy anayambitsa ku Madurai mu 1976 ndi mabedi 11 atapuma pa ntchito ya boma. Iye anali atamwalira mu 2006. Kusinthanitsa kumeneku kumanena poyera kuti ntchito ziwirizi ndi zolemera mofanana. American Academy nayo ili ndi mphoto ya ntchito zachifundo, ndipo IAPB, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi khungu, yalemekezapo amene inawatcha Eye Health Heroes. Ndikuthokoza zimenezi. Pempho langa n'lakuti osankha azisamala, chifukwa mlendo amene wabwera masabata awiri kudzathandiza amaoneka msanga kuposa mwini malo amene wakhala pomwepo zaka 15, ndipo ndi mwini maloyo amene amatsala ndi odwala a mlendo uja akabwerera ndi mavuto.

Chotsutsa chomaliza ndi chimene chimandikhudza ine monga mwana wa wodwala. Kodi bungwe loima ndi membala wake pa tsiku la vuto silidzasanduka lobisa zolakwa? Mantha amenewa si opanda pake. Gulu lililonse la anthu a ntchito imodzi limayesedwa kutetezana, ndiponso kuteteza msika wake, kulimbana ndi anamwino a maso, oyeza magalasi, ndi ena ophunzitsidwa kuchita ng'ala m'madera osowa madokotala, m'malo mowaphunzitsa ndi kuwayang'anira bwino. Bungwe likafika pamenepo latayika, ndipo ndalama za mamembala zikugwira ntchito yolimbana ndi odwala. Koma taganizirani kuti kubisa kumachokera kuti. Dokotala amabisa akadziwa kuti kuulula kumubweretsera manyazi okhaokha. Kumene kuli kaundula, kumene vidiyo ya opaleshoni yovuta imakambidwa poyera, kumene wamkulu amayamba ndi kuonetsa zolakwa zake iye mwini, kubisa kumachepa chifukwa palibe chobisira. Wakutsina khutu ndi mnansi. Kuuza membala kuti, "Adokotala, ziwerengero zanu sizili bwino, imani kaye, bwerani tigwire limodzi miyezi ingapo," ndi thandizo lalikulu kuposa satifiketi. Ndipo amene wakana kuthandizidwa, kapena akuchita maopaleshoni osafunika pofuna ndalama, bungwe likhale loyamba kumuchotsa, chifukwa dzina la onse osamala limaipa ndi iye.

Ndikanakhala ndi mpata pa msonkhano wa akuluakulu a bungwe lililonse la madokotala a maso, ndikanapempha kuti asanasankhe wolandira mendulo ya chaka chino, atulutse kaye mndandanda wa mamembala amene sanafikeko ku msonkhano kwa zaka zisanu, n'kuwaimbira mmodzimmodzi kufunsa chifukwa. Ena adzakhala aulesi, inde. Koma ambiri adzapezeka kuti ali okha pa chipatala chawo. Kwa amenewo, bungwe litumize wowagwirira ntchito sabata imodzi, lilipire ulendo, ndipo liwapatse mphindi 15 pa nsanja kuti afotokoze mmene amachitira ng'ala yokhwima ndi zipangizo zochepa. Holo idzaphunzira zambiri.

Patapita masabata 6 tinabwerera kukaonetsa diso lija. Mayi anakhala pa mpando, anatseka diso lakumanzere ndi chikhatho, n'kuyamba kuwerenga zilembo za pa khoma, mzere ndi mzere, kutsika mpaka pa tizilembo timene ine ndemwe ndinafunika kutsinzinira. Dokotala anatsegula buku lalikulu lachikuto cholimba, lokutha m'makona, analemba 6/9, muyeso woonetsa kuti diso likuona bwino, pafupi ndi nambala yawo, n'kutipatsa tsiku lodzachita diso linalo. Ndinasuzumira m'bukumo. Masamba anali odzaza mpaka m'mphepete, wodwala aliyense ndi mzere wake, mmene ankaonera asanalowe m'fiyeta ndi mmene akuonera tsopano, ndipo apa ndi apo panali mizere yolembedwa ndi inki yofiira pamene zinthu sizinayende bwino. Ndinamufunsa ngati a bungwe lake anayamba apempha kuona buku limeneli. Anapukusa mutu, analitseka, n'kuitana wodwala wotsatira.